Sabata ya Madisetesheni Opanda Eni Ake

Sabata yathayi inali yolandira mitu yoyambirira ya madisetesheni, malipoti aakulu a kafukufuku amene ophunzira a chaka chachinayi amalemba. Ine ndimaphunzitsa kalembedwe ka Chingerezi cha ku yunivesite kuno kummwera, ndiye aphunzitsi anzanga akaona kuti ntchito ya mwana wawo siikumveka amangomuuza kuti akaonane ndi ine.

Lolemba ndinangokhalira kuwerenga. Galamala inali bwino ndithu, koma mapepalawo analibe eni ake. Ndime iliyonse ikuyamba ndi dzina la katswiri wa ku Britain kapena ku America, chaka chimene analemba, kenako katswiri wina, mpaka tsamba kutha. Wolembayo akafuna kudzitchula akuti "the researcher", ngati mlendo amene wangodutsa pakhomo. Maganizo ake pa zimene akatswiriwo anena, ziii.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wa ku Phalombe amene akufufuza chifukwa chimene mabanja ena anabwerera kumalo angozi atasamutsidwa kutsatira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mutu wake woyamba unali wodzaza ndi zimene ena analemba zokhudza Bangladesh ndi Philippines. Ndinatseka pepalalo n'kumufunsa m'Chichewa kuti iyeyo akuona kuti anthu a kwawo anabwereranji.

"Madamu, kwathu munda ndi wa kuchikazi," anatero. "Abambo ndi akamwini. Ndiye kumalo atsopano akamalemba dzina la abambo ngati mutu wa banja, amayi amaona kuti nthaka yawachoka m'manja. Komanso manda a makolo ali komweko. Munthu sasiya manda."

Anayankhula osapumira, mfundo ikubwera pambuyo pa inzake, ndipo anatsutsanso bwinobwino mmodzi mwa akatswiri amene anawatchula m'pepala lake, amene amati anthu amabwerera chifukwa chosadziwa kuopsa kwa malowo. Nditamufunsa kuti nanga zonsezi sanalembe bwanji, anayang'ana pansi.

"Ine ndine ndani, Madamu? M'mabuku mulibemo zimenezi. Ndinena kuti wanena ndani?"

Funso limenelo ndimalimva chaka ndi chaka, ndipo limandipweteka. Anthu ambiri amati ana amenewa ndi aulesi kapena Chingerezi chimawavuta. Ine sindivomereza. Mwana ameneyu kuti afike pano anakhoza maphunziro asanu ndi limodzi pa MSCE ndi makirediti, Chingerezi chili momwemo. Koma njira yonse imene wadutsa inamuphunzitsa kuti Chingerezi ndi chiyankhulo chobwezera aphunzitsi manotsi awo. Kale ana ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1, koma kuloweza sikunasinthe. Ndipo kunyumba analeredwa kuti pamaso pa akulu mwana satsogoza maganizo ake. Tsiku lina tingomudzidzimutsa kuti atsutse pulofesa, m'chiyankhulo chimene sanayambe wakanganiranamo ndi munthu?

Si vuto la Amalawi okha. Mu 2002 katswiri wa kalembedwe Ken Hyland anayerekeza malipoti a ophunzira a ku Hong Kong ndi nkhani za akatswiri m'majenolo, ndipo anapeza kuti ophunzirawo ankapewa kudzitchula, makamaka pamene akunena mfundo yawoyawo. Akatswiri enieni amene anawo amawaopa amadzitchula mosavuta akafika pa zimene apeza.

Lachitatu tinali ndi msonkhano wa dipatimenti, ndipo nkhaniyi ndinaidzutsa. Mkulu wina amene ndimamulemekeza anati, "Amayi, tikawalola kulemba 'ine' adzatilembera makalata. Komanso woyesa wochokera kunja adzatiseka." Nkhawa yake ndi yomveka, poti alipo ana amene amaganiza kuti maganizo safuna umboni. Koma m'mabuku athu otsogolera ophunzira mulibe pamene panalembedwa kuti mwana asadzitchule. Ndi mwambo chabe umene tinaupeza, ndipo aliyense akuupereka kwa amene akumuyang'anira. Tinasiyana tisanagwirizane, kupatula kuti ndilembe tsamba limodzi lofotokoza pamene wophunzira angadzitchule ndi pamene sikofunika.

Lachinayi linapita ndi za Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta imene imaonetsa peresenti ya mawu a m'pepala ofanana ndi zimene ena analemba kale. Mnyamata wina anabwera ali njenjenje chifukwa peresenti yake inali yokwera, pomwe zambiri zinali mayina a mabuku ndi mawu amene anawagwira moyenera. Amene amandidetsa nkhawa ndi amene peresenti yawo ili pansi koma Chingerezi chawo chasalala mwadzidzidzi. ChatGPT, pulogalamu imene imalembera munthu zimene waiuza, ikuwapatsa chimene akhala akuchifuna kuyambira Fomu 1: chiganizo chopanda cholakwa chimene palibe angawakalipire nacho. Mwana wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje akumveka chimodzimodzi. Ine ndingakonde kulandira chiganizo chopunduka chimene mwini wake angathe kuchiteteza ndikamufunsa.

Lachisanu masana mtsikana wa ku Phalombe anabweranso. Ndinali nditamuuza kuti ajambule mawu ake pa foni akufotokoza m'Chichewa kapena m'Chilomwe, kenako alembe m'Chingerezi zimene wanenazo, akatswiri abwere pambuyo kudzamuikira umboni kapena kutsutsana naye. Anabweretsa ndime ziwiri. Ma "the" ena anasowa, koma chiganizo choyamba chinali chake, chonena kuti iye akutsutsa zoti anthu amabwerera chifukwa cha umbuli. Ndinamutumiza ku laibulale kukafuna zimene zinalembedwa pa nkhani ya malo ndi chikamwini kummwera kuno, poti zilipo, ndipo ayenera kudziwa amene anayamba kuzinena. Anafunsa ngati amene akumuyang'anira savuta nazo. Ndinamuuza kuti Lolemba tikaonane nawo limodzi, ndime ziwirizo zili m'manja.