Mmene tinayendera kuti mlongo wanga asamangokhala pakhonde

Mayi atatisiya mlongo wanga anabwera kudzakhala nafe ku Area 25. Ali ndi zaka 28, anabadwa ndi Down syndrome, ulumali umene umachititsa munthu kuchedwa kuphunzira zinthu, ndipo moyo wake wonse unali wa pakhonde basi, mayi samamulola ngakhale kupita pa okala kuopa ana omuseka. Ine ndi bambo akunyumba timachoka m'mawa tonse, ndiye zomukhomera m'nyumba ngati thumba la chimanga mtima unakana.

Tinayamba ndi chitupa cha unzika ku NRB poti analibe. Ichi musadumphe, kulikonse mungapite funso loyamba ndi lomwelo. Kenako kuchipatala ndi buku latsopano, adokotala anamuyeza mtima, maso, makutu ndi chithokomiro chifukwa anthu a Down syndrome izi zimawavuta kawirikawiri, ndipo anatilembera kalata yofotokoza za ulumali wake. Ipangitseni mafotokope angapo, yeniyeniyo isachoke m'manja mwanu.

Kalatayo tinapita nayo ku ofesi ya Social Welfare kwa DC, ndipo anatilozera ku MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, aja tinkati a MACOHA aja, dzina linasintha ndi lamulo la anthu aulumali la 2024. Kuli maphunziro a ntchito zamanja ngati utelala, koma ine nditamuona mlongo wanga ndi tepi yoyezera ija ndinadziwa kuti tikhala tikumuzunza, manambala sagwira. Chimene ndinatolako n'choti ndiyambire pa zomwe amatha kale, osati zomwe ine ndikufuna.

Ndiye amatha chani? Nkhuku! Kumudzi ndiye ankazisamala. Mayi ena akutchalitchi kwathu amaweta za mazira ku Area 49, ndinawapempha amuyese sabata imodzi yokha. Kuwerenga mpaka 30 satha, koma amadziwa kuti thireyi yadzadza pakasowa kabowo, ndipo saswa dzira olo limodzi, amalinyamula ngati khanda. Ndinawauza poyera kuti mayi, malipiro akhale ndalama m'manja mwake, osati nsima ya masana ndi zikomo. Ambiri apa ndi pamene timachita manyazi, ine ayi.

Chovuta zedi inali minibasi. Masabata atatu ndimakwera naye, kenako ndimakhala mpando wakumbuyo ngati sindikumudziwa, kenako ndimangomuperekeza pa siteji. Ndalama ya thiransipoti timaimanga payokha yokwana ndendende kuti pasakhale za chenji, m'thumba muli kapepala ka nambala yanga. Tsiku lina anapitirira siteji, mtima unali m'mwamba, koma bambo wina wakabaza anaimba n'kumubweretsa.

Pogona tinachotsa walendi mu boyizi kota kuti mlongo wanga azikhalamo, ndalama ya lendi ija imatiwawa ndithu. Kudya amadya nafe, kuchapa amachapa yekha Loweruka. Kiyi wake amavala m'khosi pa kachingwe, ndipo dzulo ndangolowa osagogoda wandibweza kuti achemwali, kaodireni kaye.