Lachinayi pa galaja: geji ya vakyumu ndi galimoto zomwa petulo

Lero ntchito yonse yagona pa kachipangizo kamodzi, geji ya vakyumu, chifukwa galimoto zitatu zomwe zinalowa zinali ndi dandaulo limodzi: mafuta akutha msanga.

Injini ya petulo ikamalira, mapisitoni amakoka mpweya pamene kachitseko ka throttle kali kotseka pang'ono, ndiye mu manifodi, njira yomwe mpweya umadutsa polowa mu injini, mumakhala kukoka kwamphamvu. Kukokako ndi kumene gejiyi imayeza. Mukaponda moto kachitseko kamatseguka, muvi wa geji umagwa. Mukachotsa phazi muvi umakwera. Mageji ambiri amawerenga mu inHg (mainchi a mercury), ena mu cmHg kapena kPa. 1 inHg ndi 2.54 cmHg, kapena pafupifupi 3.4 kPa.

Mabuku amati injini yabwino, yotentha kale, iwerenge pakati pa 17 ndi 22 inHg pa idling, muvi uli phee. Koma manambala amenewo ndi a malo otsika ofanana ndi gombe la nyanja yamchere. Pa mamita 300 aliwonse okwera, geji imataya pafupifupi 1 inHg chifukwa mpweya wa kunja umapepuka. Kuno ku Lilongwe tili pa mamita pafupifupi 1,050, choncho 14 mpaka 18 ndi injini yabwino. Ku Dedza chotsani pafupifupi 5, ku Salima 1 ndi theka, ku Nsanje werengani monga buku lanenera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: aona 16 ku Lilongwe, basi ayamba kumasula injini yosadwala.

Yoyamba m'mawa inali pikiapu yakale ya kabuleta. Tinaidikira itenthe bwino kaye, chifukwa choki ikadali yotseka geji imanama. Paipi ya geji tinailumikiza ndi kapulasitiki ka T pa kapaipi kochokera pa manifodi penipeni. Samalani apa: pa kabuleta pali timabowo tina tomwe tili pamwamba pa kachitseko, monga komwe kamapita ku distribyuta pa injini zambiri. Timeneto pa idling sitikoka konse, muvi umangokhala pa 0. Ikani chala pa bowo; ngati silikuyamwa injini ili pa idling, si limenelo. Paipi yaikulu ya mabuleki musaidule, imeneyo ndi ya moyo wa anthu.

Muvi unaima pa 11, osagwedera. Kutsika kosagwedera kotere kumaloza zinthu ziwiri kawirikawiri: mpweya ukulowa pamalo polakwika, kapena taimingi (nthawi yomwe pulagi imatulutsa moto) yachedwa. Tinayamba ndi chotchipa. Kupsinja mapaipi amodziamodzi ndi pulayala, pofika pa kapaipi kena ka pansi pa manifodi muvi unalumpha kufika pa 14. Titakachotsa tinapeza kang'ambika m'munsi, mbali yosaoneka ndi maso. Mwini wake anafunsa kuti mpweya wolowa wambiri ungadye bwanji mafuta. Tinawayankha kuti, bambo, injiniyi itayamba kuzima chifukwa cha bowoli, wina anamasula sikulu ya mixture (yowongolera kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya) ndi kukweza idling kuti ibise vuto, ndipo kuyambira tsiku limenelo yakhala ikumwa mopitirira.

Taimingi tinaipeza itachedwa ndipo tinaibwezera pa chizindikiro chake ndi timing light, tochi yoyezera taimingi. Muvi unafika pa 16. Alipo amene amatembenuza distribyuta mpaka geji ifike pamwamba penipeni n'kumanga pomwepo. Ife njira imeneyo sitiivomereza. Pa idling zimamveka bwino, koma pa chitunda injini imayamba kulira ngati muli timiyala, ndipo kulira kumeneko kumadya mapisitoni. Ngati timing light palibe, mukafika pamwamba bwererani ndi 1 kapena 2 inHg, kenako kayeseni pa chitunda muli pa giya yaikulu.

Kenako sikulu ya mixture. Ilowetseni pang'onopang'ono, kota ya mzungulo nthawi imodzi, mukudikira masekondi angapo. Muvi ukayamba kugwa, itulutseni mpaka ufike pamwamba pokhazikika, osapitirira. Malizani ndi sikulu ya idling, mubweze marevu pa mlingo wa buku. Geji inathera pa 17, muvi osasuntha. Titaponda moto mwadzidzidzi unagwa kufupi ndi 0, titasiya unadumpha kupyola 20 n'kubwerera pa 17. Umu ndi momwe injini ya maringi abwino imayankhira.

Yachiwiri inali kagalimoto ka injekishoni ka 1500cc, komwe mwini wake anati kalibe mphamvu ndipo mapulagi asintha kawiri. Pa idling 16, bwinobwino, ndipo munthu wopupuluma akanakabweza. Tinakweza marevu pa 2,500 n'kugwira pomwepo. Muvi unayamba pa 16, kenako 13, 11, mpaka 8, phazi lisanasunthe. Utsi ukulephera kutuluka, ukubwerera kudzapanikiza injini. Titamasula sensa ya oxygen ya kutsogolo kuti utsi upeze potulukira, muvi unasiya kugwa. Catalytic converter, bokosi loyeretsa utsi pa ekizozi, yatsekeka. Woyendetsa amaponda kwambiri kuti galimoto iyende, petulo n'kumapita. Koma funso lenileni ndi lakuti chinaitseka n'chiyani, chifukwa kawirikawiri ndi injini yodumphadumpha kapena yotentha oyilo, ndipo yatsopano idzafanso chimodzimodzi.

Yachitatu sinatitengere nthawi. Inali minibasi ya dizilo, ndipo injini ya dizilo simakoka mpweya motsekereza ngati ya petulo, ndiye mu manifodi mulibe choti gejiyi iwerenge. Vakyumu ya mabuleki ake imachokera pa pampu yapadera.

Mnyamata wophunzira ntchito anafunsa za muvi wogwedera, popeza lero sitinaukumane. Ukamagwa ndi 2 kapena 4 mwa apo ndi apo, vavu ikukakamira. Ukamagwa motsatana ngati kugunda kwa mtima, silinda imodzi ili ndi vavu yopsa kapena pulagi yakufa. Ukamanjenjemera mwachangu pa idling n'kukhazikika marevu akakwera, kayikirani ma valve guide, timapaipi momwe mavavu amayendamo. Ukamayendayenda pang'onopang'ono, mixture sinakhale. Geji imangoloza komwe muyang'ane; musanatsegule injini tsimikizani ndi compression test, kuyeza mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya.

Masana tinadutsitsa paipi ya mamilimita 4 pa kabowo ka labala ka pa firewall, khoma la pakati pa injini ndi mokhala anthu, kutali ndi ekizozi, geji n'kuimanga pomwe maso angaione osachoka pa msewu. Tinayenda pa M1 kulowera ku Nathenje, mwini pikiapu ali pa chiwongolero.

Apa pali chinthu chomwe tikufuna chimveke. Gejiyi siyeza mafuta, imayeza katundu yemwe injini yasenza. Anthu amamva zoti muvi ukakhala pamwamba ndiye kuti mukupulumutsa petulo, n'kuyamba kuyenda pa giya yachitatu pa 60 chifukwa pamenepo muvi umaoneka bwino. Kumeneko n'kudzinamiza. Pa giya yaing'ono injini ikuzungulira kambiri pa kilomita iliyonse, ndipo ikuwononga mphamvu pokoka mpweya pa kachitseko kotseka. Giya yachisanu pa liwiro lomwelo imatsitsa muvi pang'ono koma imamwa zochepa. Choncho sankhani kaye giya yaikulu yomwe injini ikuyenda nayo osagwedezeka, kenako ndiye muziyang'ana muvi.

Pa msewu wosalala muvi unkakhala pakati pa 10 ndi 13. Pochoka, bamboyo anali ndi chizolowezi choponda mpaka pansi, muvi n'kugona pa 1 kapena 2. Malo owopsa ndi amenewo. Kabuleta ili ndi power valve yomwe imatseguka vakyumu ikatsika kwambiri n'kuthira petulo wowonjezera, ndipo kompyuta ya galimoto za injekishoni imachitanso chimodzimodzi phazi likayandikira pansi. Tinawapempha kuti pochoka muvi usatsike pa 5 ndipo asinthe magiya msanga. Galimoto inafika pa 80 mochedwerako pang'ono chabe. Pa chitunda, muvi ukafika pa 5 liwiro likugwabe, musawonjezere phazi. Tsitsani giya imodzi. Ndipo gejiyi imaulula phazi losakhazikika: muvi ukamavina pa msewu wowongoka, pa kabuleta ndiye kuti kapampu kake kakulavula petulo nthawi iliyonse mukagwedeza.

Pa mtsetse anafuna kuika nyutulo. Pa galimoto za injekishoni, mukachotsa phazi muli mu giya marevu ali pamwamba, kompyuta imadula mafuta onse. Pa nyutulo injini imamwabe a idling. Pa kabuleta kudula kotere kawirikawiri kulibe, komabe kutsika phiri pa nyutulo ndi katundu kumasiyira mabuleki ntchito yonse, ndipo akatentha sagwira.

Pobwerera tinayeza matayala, awiri anali otsika mpweya, tinawapopa pa mlingo wolembedwa pa chitseko. Tinadzadza thanki mpaka pampu itadula yokha n'kulemba makilomita. Bamboyo ayende monga mwa masiku onse, adzadzadzenso pa pampu yomweyo, agawe makilomita ndi malita: mwachitsanzo 420 kugawa ndi 35 ndi makilomita 12 pa lita. Achite chomwecho matanki atatu, chifukwa thanki imodzi imasokonezedwa ndi katundu ndi mizere ya m'tauni. Kagalimoto ka 1500 kagona konkuno. Mawa m'mawa tiyamba ndi makoyilo ndi compression tisanakhudze ekizozi.