Makope a agogo atuluka m'sutikesi

Teremu ino pa kosi yathu ya utolankhani takhala tikuphunzira mbiri ya kusindikiza. Aphunzitsi anayambira kutali, kwa Johannes Gutenberg wa ku Mainz, ku Germany, amene cha m'ma 1450 anakonza makina osindikizira ndi zilembo zachitsulo. Kenako anafika pa intaneti: Blogger mu 1999, WordPress mu 2003, Facebook mu 2004, WhatsApp mu 2009. Zaka zimenezi ndinangoziloweza poopa mayeso. Tanthauzo lake ndinakalimvera kumudzi ku Ntcheu, tsiku limene ndinatsegula sutikesi ya malemu agogo anga aamuna.

Munali makope 6, inki yake yozilala, m'mphepete modyedwa ndi njenjete. Agogo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo analembamo nthano, miyambi ndi nyimbo za pamtondo zomwe ankamva kwa amayi awo. Agogo aakazi anandiuza kuti khumbo la amuna awo linali loti zimenezi zidzakhale buku. Koma masiku amenewo zolemba pamanja zinkayenera kutaipidwa kaye, kenako kutumizidwa pa positi kwa osindikiza ochepa omwe analipo, monga Likuni Press, CLAIM kapena Dzuka, munthu n'kudikira miyezi. Kuyambira mu 1968 panalinso Censorship Board, yomwe inali ndi mphamvu yoletsa buku. Agogo sanafike n'komwe pa positi. Ndalama yolipira wotaipa inkathera ku fizi ya ana.

Ntchito ya m'kalasi inali yoti aliyense afalitse kanthu kake pa intaneti n'kudzafotokoza zomwe wakumana nazo. Ine ndinasankha kope loyamba. Ndinajambula masamba onse pafoni, n'kumataipa usiku mu Google Docs, chikuto ndinakonza pa Canva, kenako ndinasunga zonse ngati PDF. Ndalama yomwe ndinawononga ndi ya bandulo basi.

Pamene panandivuta si pa zipangizo ayi, koma pa mawu enieniwo. Foni inkasintha mawu a Chichewa kuwasandutsa a Chingerezi mpaka ndinazimitsa autocorrect. Vuto lalikulu linali kalembedwe. Agogo anaphunzira malamulo a kalembedwe a 1973 asanabwere, choncho ankalemba "cimanga" ndi "cifukwa", opanda h. Ndinakhala masiku awiri ndikusinkhasinkha. Ndikasintha, ndiye kuti ndafufuta dzanja lawo. Ndikasiya, ana a masiku ano aziti ndi zolakwika. Ndinagamula kulemba m'kalembedwe ka lero, koma tsamba loyamba ndinaikapo chithunzi cha zolemba zawo momwe zilili. Mpaka pano ndikuona kuti ndinachita bwino. Kale chigamulo chotere chinali cha mkonzi wa ku kampani yosindikiza, tsopano chinagwera ine, mwana wasukulu, ndili pamphasa ndi foni m'manja.

Lachisanu madzulo ndinaika nthano zitatu pa Facebook, PDF ija n'kuiponya m'gulupu ya banja pa WhatsApp. Kusanache, amalume anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg anali atatumiza kale uthenga wa mawu. Poyamba mawu awo ankanjenjemera, chifukwa nthano imodzi mwa izo, ya kalulu, bambo awo ankawasimbira ali ana. Kenako anandiwongolera: pamene ndinalemba kuti "mphanda", agogo analemba "mphanje", munda watsopano wongoswa kumene. Ndinaonanso chithunzi chija, n'zoonadi, njenjete inadya chilembo chomaliza ndipo j ndinaiwerenga ngati d. Pa Facebook ndinakonza nthawi yomweyo. Likanakhala buku losindikiza, cholakwikacho chikanadikira mpaka kusindikizanso.

PDF yokha inali itapita kale. Achibale anali ataitumiza m'magulupu a kutchalitchi ndi a kuntchito, ndipo fayilo ikatuluka m'manja mwako singaitanidwenso. Patatha sabata nthano imodzi inandibwerera kuchokera kwa mnzanga, dzina la agogo litachotsedwa. Zinandiwawa kwambiri. Lamulo la Copyright la 2016 lilipo, COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, iliponso, koma pa WhatsApp ungayambe kulondola ndani? Chomwe ndachita n'kuika dzina lawo ndi tsiku lokonza pansi pa tsamba lililonse, komanso sinditulutsanso PDF amalume asanaiwerenge.

Sabata yatha ndinabwereranso kumudzi. Maso a agogo aakazi saonanso zilembo zing'onozing'ono, ndiye ndinakhala nawo pakhonde n'kumawawerengera pafoni. Nditafika pa nyimbo ya pamtondo anandigwira mkono kuti ndisiye, n'kuiimba okha mpaka kumapeto, ndi ndime ina yomwe m'kope mulibe. Ndinawapempha kuti abwereze, ndinajambula mawu awo, ndipo ndimeyo ndiyamba nayo ndikamataipa kope lachiwiri.