Momwe ndimatsukira makoko ndi kudzaza zipolopolo za .300 Blackout m'galaja

Kuno ku America lamulo limalola munthu kudzidzazira zipolopolo zogwiritsa ntchito yekha, ndiye ndikabwerako koombera mfuti sinditaya khoko (kachitini ka mkuwa kotsala chipolopolo chikaombedwa) ngakhale limodzi. Onse ndimawakhuthulira m'beseni n'kuwasankha limodzilimodzi. Apa sindithamanga. Khoko la .300 Blackout ndi la .223, yomwe ndi mitundu iwiri ya zipolopolo, kumunsi kwake ndi ofanana, ndipo chipolopolo cha .300 chikalowa mu mfuti ya .223 chimatha kuiphulitsa m'manja.

Ndikasankha, ndimayamba ndachotsa ma primer akale, tizitsulo ta kumunsi kwa khoko toyatsa wonga, kuti madzi akafike pakabowo kamene amakhalamo. Anzanga ambiri amatsuka mouma, pogwiritsa ntchito zikhokhombe za mtedza wa walnut kapena zitsononkho zogaya, koma fumbi lake limakhala ndi mtovu wochokera mu primer. Ine m'galaja mwanga sindilifuna. Ndimathira makoko mu tumbler yamadzi, chigubu chozungulira chotsukira, limodzi ndi timisomali tating'ono ta stainless steel, sopo wotsukira mbale ndi citric acid pang'ono chabe. Ukawonjeza asidiyo, mkuwa umatuluka wofiirira chifukwa wadya zinc wapamwamba. Pakatha maola awiri kapena atatu madzi amakhala akuda bii, makoko ali mbee.

Ena amanyadira kuwalako. Ine ndimatsukira kuti ndione bwino: khosi long'aluka, khoko lotupa, kamsomali kamene kakakamira m'kabowo ka primer. Long'aluka limapita m'chitini cha zitsulo zakale. Otsalawo ndimawayala pathaulo mpaka aume gwaa, chifukwa kadontho kamodzi kobisala mkati kamawononga wonga.

Kenaka ndimawapaka mafuta, kuwakanikiza mu die (chikombole chachitsulo) kuti abwerere msinkhu wake, kuwayeza ndi caliper (choyezera kutalika), ndipo lopitirira mainchesi 1.368 ndimalidula. Primer watsopano amalowa pomaliza pa gawoli.

Pa wonga ndi pamene ndimatseka chitseko ndi kuzimitsa foni. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo chipolopolo cha subsonic chimene ndimadzaza, chosafika liwiro la mawu, chiyenera kutsalira pang'ono pa liwiro limeneli. Choncho mutu wake, womwe umatuluka mu mfuti, umakhala wolemera, ma grain 200 kapena 220 (grain ndi muyezo waung'ono wa kulemera), wonga n'kukhala wochepa kwambiri. Kuchepako ndiye vuto. Malo amatsala m'khoko moti kuthira kawiri osazindikira n'kotheka, pomwe ukachepetsa mopitirira, chipolopolo chimaima m'kati mwa mpope, chotsatira n'kudzachigunda. Muyezo sindiuganizira m'mutu kapena kutengera wa mnzanga. Ndimautenga m'buku la opanga wongawo, monga Hodgdon, n'kuyeza wonga wa khoko lililonse pasikelo. Ndisanaike mitu, ndimaunika ndi tochi mzere wonse kuti wonga ulingane msinkhu.

Zoyamba zochepa ndimakaziyesa pa chronograph (choyezera liwiro la chipolopolo), nditachotsa suppressor (chochepetsa phokoso la mfuti), kuti ndione ngati zikuboola pepala mozungulira bwino. Bowo lopendekeka limasonyeza kuti chipolopolo chikugwedezeka, ndipo chotere chikhoza kugunda m'kati mwa suppressor. Kulira kukangomveka kofooka, ndimasiya kuomba, kuchotsa zonse ndi kuyang'ana mumpope.