Eliya inagwera pansi pa tebulo

Popeza ena mwayamba kale kunditchula kuti "a Pulofesa 25", lekani nkhaniyi ndiinene ndekha musanaiwonjezere zanu.

Mwana wa mlongo wanga anabwera ndi homuweki ya masamu. Rhombus, mbali zonse zinayi masentimita 5, mizere yodutsa pakati kuchoka pangodya kukafika pangodya, wina 6, wina 8. Apeze eliya, ndiye kuti kukula kwa malo a m'kati mwake. Ine ndinaseka. Ndinati, "Iwe, rhombus ndi sikweya yoledzera, yangopendekeka basi. Chulukitsa 5 ndi 5, lemba 25." Za 6 ndi 8 ndinamuuza kuti amangoziikapo pofuna kusokoneza ana ofooka.

Mwana uja anayankha motsitsa mawu: "Amalume, m'kalasi anati tichulukitse 6 ndi 8, tigawe pawiri. Ikubwera 24."

Ndinapinda manja a malaya. Ndinajambula rhombus ija ndi rula, n'kutenga sizasi kuti ndimugonjetse ndi umboni. Nditadula motsatira mizere ija, panatuluka tizidutswa tinayi ta makona atatu tofanana ndendende, kalikonse 3 kwa 4, eliya yake 6. Tonse pamodzi, 24.

Ndinakana. Ndinati imodzi yagwa podula.

Inde, ndinagwada. Ndinalowa pansi pa tebulo, tochi ya foni ili m'manja, kufunafuna sikweya sentimita imodzi. Ndinakutumula malaya, ndinasuzumira m'nsapato, ndinatembenuza mpando. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwana uja, mwa ulemu wake, anagwada n'kuyamba kundithandiza kufuna. Amatola kanyenyeswa kalikonse n'kundifunsa, "Ndi aka, amalume?" Ine n'kumakayeza ndi rula mosaseka n'komwe.

Mlongo wanga atalowa anangoona mapazi anayi. "Achimwene, mwataya chiyani?"

Mwana uja anati, "Eliya."

Koma tinene zoona, anzanga. Ndinaphonya ndi 1 yekha. Ena a inu mukanaiwala kugawa pawiri n'kulemba 48, mwachete. Komanso njira yanga ilipo ndithu: mbali ya pansi kuchulukitsa ndi msinkhu. Vuto n'lakuti msinkhu wa rhombus ija ndi 4.8, osati 5, ndipo 5 kuchulukitsa ndi 4.8 ndi 24 yemwe uja. Ndinangoiwala kuti woledzera akapendekeka amafupika.

Potuluka pansi paja ndinamenyetsa mutu. Homuweki ya lero mwana uja wapita nayo kwa bambo ake, akuti ya makona asanu.