Kumanga ma knob ndi mafeda a MIDI ku FL Studio kuti mawa zisasokonekere

Kachipangizo ka MIDI, kokhala ndi ma knob otembenuza ndi mafeda osuntha oyendetsera pulogalamu ya nyimbo, sikatulutsa mawu. Kamangotumiza manambala: tchanelo, pakati pa 1 ndi 16, nambala ya knob kapena feda yomwe mwagwira, yotchedwa CC, ndi pamene mwaifikitsa, kuyambira 0 mpaka 127. Umu ndi momwe zakhalira kuyambira 1983 pamene MIDI inayamba. Nchifukwa chake ine sindimanga chilichonse ku FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, ndisanadziwe nambala imene knob iliyonse ikutumiza. Ambiri amayambira kumapeto, amalumikiza kaye, kenako nkumadabwa kuti feda ya mawu a oimba ikunjenjemeretsanso piyano.

Pano ndikufotokoza ndi Korg nanoKONTROL2, ya mafeda 8 ndi ma knob 8, pamodzi ndi kiyibodi yaing'ono ya makiyi 25 yokhala ndi mapadi, pa laputopu ya Windows. Ndi zida zomwe studio ya chipinda chimodzi kuno ku Salima ingakwanitse, ndipo zimakwanira kujambulira kwaya.

Ndimayambira pa chingwe. nanoKONTROL2 imalowa USB ya mtundu wa mini-B, ndipo zingwe zina zotere zimangopereka moto, mulibe mawaya a deta. Timagetsi timayaka bwinobwino koma kompyuta osaona kanthu. Zikatero sinthani chingwe musanayambe kukayikira chipangizo. Polowetsa, ndimadina SET MARKER ndi CYCLE pamodzi, osasiya mpaka chingwe chitalowa. Izi zimaika chipangizo mu CC mode. Ngati munagula chogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe, mwina mwini wake woyamba anachisiya mu mode ya Cubase kapena Pro Tools, ndipo mafeda ake adzatumiza uthenga wa mtundu wina umene simuuyembekezera.

Kenako ndimatsegula MIDI-OX, kapulogalamu kaulere koonetsa uthenga uliwonse wolowa, nkugwira chinthu chimodzi chimodzi ndikulemba papepala. Chenjerani apa: manambala ake amabwera mu hex, kawerengedwe ka m'magulu a 16, kotero mukaona 10 ndiye 16, mukaona 7F ndiye 127. Monga imachokera ku fakitale, nanoKONTROL2 imatumiza CC 0 mpaka 7 pa mafeda ndi CC 16 mpaka 23 pa ma knob. Vuto lagona pa mafedawo. CC 0 ndi yosankhira banki ya mawu, CC 1 ndi ya modulation, CC 7 ndi ya voliyumu. Ndiye feda yachiwiri, ikapanda kumangidwa kwina, imatha kukanjenjemeretsa mawu a sinthi yomwe yasankhidwa, yachisanu ndi chitatu nkukaitsitsa mwakachetechete. Ndimatsegula Korg Kontrol Editor ndi kusamutsira mafeda onse ku CC 102 mpaka 109, chifukwa manambala a 102 mpaka 119 sanapatsidwe ntchito iliyonse. Osayandikira 64, ndi ya pedo ya sustain, ndipo 120 mpaka 127 ndi zolamula tchanelo chonse, zina mwa izo zimazimitsa manoti onse nthawi imodzi. Mu editor momwemo mabatani a M, otontholetsa mawu (mute), ndimawasintha kuchoka pa Momentary kupita pa Toggle. Momentary imatumiza 127 mukadina ndi 0 mukasiya, ndiye mzere wa mawu mu mixer umangokhala chete chala chikadali pa batani. Mukatha, lembani zosinthazo m'chipangizo ndi Write Scene Data, apo ayi zatsala pa kompyuta.

Tsopano tsekani MIDI-OX ndi editor zonse. Pa Windows zambiri khomo la MIDI limalola pulogalamu imodzi yokha pa nthawi, ndipo FL Studio ikapeza khomo lagwidwa kale siimva chilichonse.

Mu FL Studio ndimadina F10, kupita ku MIDI. Pa mndandanda wa Input ndimasankha chipangizo, kuyatsa Enable, kusiya mtundu wake pa generic, ndi kuchipatsa nambala ya Port. Kiyibodi ndimaipatsa 1, nanoKONTROL2 ndimaipatsa 2. Musazisiye pa nambala imodzi, chifukwa zonse zikatumiza CC yofanana pa tchanelo chofanana pulogalamu siidziwa amene walankhula.

Kumanga kwenikweniko nkwachidule. Pa feda ya mixer ndimadina batani lakumanja la mausi, kusankha Link to controller, kuonetsetsa kuti Auto detect yayaka, nkusuntha feda ya pamanja. Kawindo kamatseka kokha. Pofuna kumanga zonse zisanu ndi zitatu ndimayatsa Multilink ndi Ctrl+J, kugwedeza mafeda a pa sikirini motsatana ndi mausi, kenako kusuntha a pamanja m'ndondomeko yomweyo. Mukadumpha imodzi, zonse zotsatira zasuntha malo, yambiraninso. Ma VST, timapulogalamu towonjezera ta mawu, ochokera kwina nthawi zambiri salola kudina kumanja; gwedezani knob yake, pitani ku Tools, Last tweaked, Link to controller.

Apa ndi pamene ndimachedwapo, chifukwa ndi pamene nyimbo zambiri zimaonongekera. Feda ya mixer mu FL Studio imakhala pa 0 dB, pomwe siikweza kapena kutsitsa mawu, ikafika magawo 80 pa 100 a ulendo wake, osati pamwamba penipeni. Feda ya pamanja mukaikankhira kumapeto, mwapyola kale 0 dB, ndipo masoprano akakwera pamodzi mawu amang'ambika. Ndimabwerera mu kawindo ka Link to controller, pa Mapping formula nkulemba Input*0.8. Tsopano pamwamba pa feda ndi 0 dB ndendende, ndipo ngakhale woimba atakankha mosangalala sangapyole. Mukafuna knob iziyenda chobwerera, lembani 1-Input. Pa filter, masitepe 128 amamveka ngati makwerero mukatembenuza pang'onopang'ono. Yatsani Smoothing m'kawindo komweko.

Chinanso ndi kulumpha. Mwatsegula nyimbo ya dzulo, feda ya pa sikirini ili pamwamba, ya pamanja ili pansi. Mukangoikhudza, mawu amagwa mwadzidzidzi ndipo muyeso womwe munauvutikira wapita. Yatsani Pickup. Feda ya pa sikirini siisuntha mpaka ya pamanja itaipeza pomwe ili. Amene ali pa Ableton Live, pulogalamu ina yopangira nyimbo, zofanana ndi izi zili pa Takeover Mode. Kumanga kwawo ndi Ctrl+M, ndipo asaiwale kuyatsa Remote pa chipangizocho, Track yokha siikwanira pa kumanga.

Mapadi satumiza CC, amatumiza manoti, kawirikawiri pa tchanelo 10. Pa dongosolo la General MIDI kick ndi 36, snare ndi 38, hi-hat yotseka 42, yotsegula 46. Dziwani kuti FL Studio imatcha noti 60 kuti C5 pomwe Ableton imati C3, ndiye pofananiza dalirani nambala, osati dzina. Mu FPC, kapulogalamu ka ng'oma ka mu FL Studio, ndimasankha Map notes for entire bank ndi kumenya mapadi motsatana.

Mukamenya padi mawu nkubwera mochedwa, vuto si MIDI, ndi buffer, pomwe kompyuta imasunga mawu kwakanthawi isanawatulutse. Pa 44,100 Hz, buffer ya masampulo 512 imachedwetsa mawu ndi pafupifupi 11.6 ms, 256 ndi 5.8 ms. Ndimajambulira pa 256 kudzera pa ASIO, driver wa mawu wosachedwa, posakaniza nkukweza. Driver wamba wa Windows amachedwa kwambiri, woliza ng'oma amamva msanga.

Zonse zikatheka ndimasunga pulojekiti yopanda nyimbo mu foda ya Templates, chifukwa maulalo amenewa amakhala m'pulojekiti, satsatira ku nyimbo yatsopano. Nyimbo iliyonse ndimaiyambira pa New from template.

Malo athu ali ndi zake. Fumbi la mwezi wa Okutobala ndi mchenga wouluka ndi mwera kwa amene ali kufupi ndi nyanja ku Senga Bay zimalowa m'ming'alu ya mafeda. Feda yolowa fumbi imatumiza manambala yokha, 63, 64, 63, popanda woigwira, ndipo Auto detect imagwira yomweyo m'malo mwa knob yomwe mumafuna. Mukaona ulalo uliwonse ukupita ku CC imodzimodzi, tsegulani MIDI-OX, chotsani manja, muone imene ikulankhula yokha. Ndimaipopera contact cleaner pang'ono chingwe chitazulidwa, kuiyendetsa uku ndi uku kangapo, nkudikira iume. Mafuta a makina osayerekeza, amakoka fumbi lina. Ntchito ikatha ndimafunditsa chitenje.

Magetsi akazima laputopu nkugwera pa batire, Windows imatha kugoneka madoko a USB kuti isunge moto, chipangizo nkusowa pakati pa kujambula. Mu Power Options, pa USB selective suspend, ikani Disabled pa batire ndi pa magetsi pomwe. Chikasowabe, zulani, lowetsani m'doko lomwe lija, dinani F10 ndi Refresh device list, muonenso ngati Port ikadali pa 2.