Msuweni wanga wabwerako ku Oman

Ndangochoka ku bwalo la ndege la Kamuzu kukachingamira msuweni wanga amene wakhala ku Oman chaka ndi miyezi 7. Atatulukira sindinamuzindikire msanga. Waonda, manja atasupuka ndi mankhwala ochapira, katundu wake kachikwama kamodzi basi. Azakhali angomukumbatira, mawu osatuluka, misozi yokhayokha.

M'galimoto watiuza kuti tsiku lomwe anafika, bwana wake anamulanda pasipoti. Kumeneko kuli dongosolo lija amalitcha kafala: chilolezo chako chokhalira m'dzikomo chimakhala m'manja mwa amene wakulemba ntchito. Ukathawa iye amakanena kupolisi, wolakwa n'kukhala iweyo. Zimene bambo wa m'nyumbamo ankamuchita usiku sindingazilembe pano. Atathawa, amene anakagona m'chitokosi ndi iyeyo, bamboyo ali phee kwake.

Chikundiwawa kwambiri ndi cha kuno kwathu. Munthu amene anamulonjeza ntchito ya muhotela n'kumudyera ndalama tikumuonabe m'tauni muno, akukopa atsikana ena pa WhatsApp. Lamulo loletsa kugulitsa anthu tili nalo, lija la 2015, ndipo limati wogulitsa munthu wamkulu atha kukhala kundende mpaka zaka 14, wogulitsa mwana mpaka zaka 21. Koma mwezi watha titapita kukadandaula, amene anatilandira anayamba ndi kufunsa kuti, "Nanga iyeyo ankapitiranji?" Ankapita chifukwa ana ake awiri ankagona ndi njala, bambo inu. Lolemba tibwererako, ndipo mwini wake akalimba mtima tipita naye.